Kodi California inaletsadi galimoto zogonamo? Yankho kwa m'bale wa ku Indiana

Funso: Ndimakhala ku South Bend ndipo ndimagwira ntchito pa fakitale ina ya ku Elkhart yopanga ma RV, galimoto ndi makalavani okhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati. Ine ndili kumbali yokhoma makabati. Kuyambira kumapeto kwa 2024 anzanga a kuntchito akhala akunena kuti California inaletsa ma motorhome, ma RV okhala ndi injini yawoyawo, ndiye mafakitale atsekedwa chifukwa cha malamulo a utsi. Ena akuti Trump anafafaniza zonsezo. Ndili ndi ana kumudzi amene fizi yawo imachokera m'thumba langa. Zoona zake ndi ziti? Kodi ndiyambe kufunafuna ntchito ina?

Yankho: Achimwene, mtima ukhale pansi kaye. Palibe lamulo la California limene linanena kuti motorhome isapangidwe kapena isagulitsidwe. Komabe anzanuwo sanangopeka, chifukwa panali nyengo imene ogulitsa galimoto zimenezi ku California ndi m'zigawo zina zisanu anauzidwa kuti asayembekezere katundu watsopano wa dizilo. Mmene zinthu ziwirizi zimagwirizanirana ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mukaimvetsa mudziwa kuti mantha anu muwaike pati.

Ndiyambire pa chinthu chimene mumachiona tsiku lililonse pabwalo la fakitale. Kampani yopanga motorhome sipanga injini. Imagula chasisi yokhala kale ndi injini, giyabokosi, matayala ndi chiwongolero, ndiye imamanga nyumba pamwamba pake. Zikuluzikulu za dizilo zija, zokhala ndi injini kumbuyo ngati basi, zambiri zimakhala pa chasisi ya Freightliner kapena ya Spartan, injini yake ya Cummins. Zapetulo zazikulu zimakhala pa Ford F-53. Zing'onozing'ono zimachokera ku maveni monga Mercedes Sprinter, Ram ProMaster ndi Ford Transit. Malamulo a utsi wa injini amagwira amene wapanga injini ndi chasisi, osati amene wamanga nyumba pamwamba. Makampani opanga ma RV monga Thor, Forest River ndi Winnebago ali ngati mmisiri womanga pa maziko a mwini wake: maziko akasowa, njerwa zimangokhala pamulu ngakhale palibe amene wamuletsa kumanga.

Nanga n'chifukwa chiyani chigawo chimodzi chili ndi mphamvu yogwedeza Indiana yense? Mbiri yake ndi ya utsi wa ku Los Angeles. Mzindawo uli m'chigwa chotchingidwa ndi mapiri, dzuwa limawomba pafupifupi chaka chonse, ndipo kuyambira m'ma 1940 anthu ankayenda maso akuwawa ndi chifunga chachikasu. Katswiri wa pa yunivesite ya Caltech dzina lake Arie Haagen-Smit ndiye anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kuti chifungacho chimabadwa utsi wa galimoto ukapsa ndi dzuwa. Mu 1967 bwanamkubwa Ronald Reagan anasaina lamulo lokhazikitsa bungwe loona za mpweya lotchedwa CARB, ndipo Haagen-Smit yemweyo anakhala wapampando wake woyamba. Popeza California inayamba yokha boma lalikulu lisanadzuke, lamulo la dziko lonse la Clean Air Act linaisiyira mwayi woika miyezo yake yokhwima, bola ipeze chilolezo kwa EPA, bungwe la boma lalikulu loona za chilengedwe. Mu 1977 anawonjezerapo ndime yolola zigawo zina kutengera miyezo ya California m'malo mwa ya boma lalikulu. Choncho California ikakhosomola, New York ndi Washington amayetsemula nawo.

Malamulo amene anabweretsa phokoso lija ndi awiri, onse a mu 2020. Loyamba, la Advanced Clean Trucks, linavomerezedwa mu Juni. Linkakhudza galimoto zolemera kuposa mapaundi 8,500 zikadzaza, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 3,850, ndipo ma motorhome ambiri amapyola pamenepo. Lamuloli silinanene kuti dizilo asagulitsidwe. Linkanena kuti pa galimoto zonse zimene kampani yagulitsa m'chigawocho, gawo lakutilakuti likhale la galimoto zosatulutsa utsi, zamagetsi kapena za haidrojeni. Pa gulu la malole apakati ndi aakulu osakoka ngolo, m'mene muli ma motorhome aakulu, gawolo linali 9 pa 100 mu 2024, 11 pa 100 mu 2025, ndipo linkayenera kukwera chaka ndi chaka mpaka 75 pa 100 mu 2035. Kampani ikagulitsa galimoto yamagetsi inkapeza mapointi, ikagulitsa ya dizilo inkalowa ngongole ya mapointi. Yopanda galimoto yamagetsi inkatha kugula mapointi kwa inzake imene inali nawo otsala.

Tsopano dziyerekezeni muli bwana wa kampani ya machasisi. Mapointi muli nawo ochepa, chifukwa malole amagetsi sakuyenda malonda monga ankayembekezera olemba lamulo. Chasisi iliyonse ya dizilo yopita ku California ikukudyerani mapointiwo. Kodi muwaononga pa kasitomala wogula malole mazanamazana chaka chilichonse, kapena pa nyumba yoyenda ya agogo opuma pantchito? Ndipo chasisi yamagetsi yoti inyamule motorhome yaikulu munalibe n'komwe, moti mbali imeneyo inalibe njira yodzipezera mapointi akeake. Makampani ena a machasisi anawerengera, n'kuuza opanga ma motorhome chakumapeto kwa 2024 kuti sangawapatse machasisi a dizilo okagulitsa ku California, Massachusetts, New Jersey, New York, Oregon ndi Washington, zigawo zimene lamulolo linali likugwira kapena kuyamba kugwira mu 2025. Makalata atafika kwa ogulitsa, nkhani inalowa pa Facebook itavala kale dzina loti chiletso. A CARB anayankha kuti iwo sanaletse kanthu, makampaniwo angogula mapointi. Onsewo ankanena zoona mbali yawo. Wogula yekha ndiye ankapeza pamalo ogulitsira palibe katundu.

Mwina mungaganize kuti munthu wa ku California akanangopita ku Arizona kukagula n'kubwera nayo. Njira imeneyo inatsekedwa kalekale. Ku California galimoto imene sinayende mamailosi 7,500, pafupifupi makilomita 12,000, imawerengedwa ngati yatsopano, ndipo sailembetsa ngati ilibe chiphaso cha miyezo ya chigawocho.

Lamulo lachiwiri, lotchedwa Omnibus, linavomerezedwa mu Ogasiti, ndipo ndi limene ife a zamainjini tinalitsatira kwambiri. Limeneli ndi la mpweya wa NOx, umene umapangika injini ikamawotcha mafuta pa kutentha kwakukulu, womwe uja umasanduka chifunga ndi kuyambitsa mphumu. Kuyambira 2010 muyezo wa dziko lonse pa injini zazikulu za dizilo unali magalamu 0.20 pa mphamvu ya hatchi imodzi kwa ola limodzi. California inautsitsa kufika pa 0.05 kuyambira 2024, n'kukonza zofika pa 0.02 mu 2027. Opanga injini sanathamangire kukonza injini iliyonse kuti ikwanitse muyezo wa chigawo chimodzi, makamaka podziwa kuti EPA nayo mu Disembala 2022 inali italengeza muyezo wake wa 0.035 woyamba mu 2027. Zotsatira zake, injini zololedwa ku California zinachepa, ndipo ma motorhome anakhalanso kumapeto kwa mzere.

Maganizo anga ndi akuti cholinga cha malamulowa chinali chabwino koma ukonde wake unakola ndi nsomba yomwe sinali kufunidwa. Amene wakhalapo pafupi ndi doko la Long Beach kapena m'chigwa cha San Joaquin ku California amadziwa kuti utsi wa malole si nkhambakamwa. Ana a kumeneko amakula ndi zifuwa. Koma lole yonyamula makontena imayenda tsiku ndi tsiku njira imodzimodzi, n'kubwerera pamalo pamene ingachajidwe usiku. Motorhome imakhala itaimikidwa miyezi yambiri pachaka, ndipo ikanyamuka imapita kutali, kumapiri ndi kuchipululu kumene kulibe potchajira. Utsi umene imatulutsa pa chaka ndi wochepa poyerekeza ndi lole yamalonda, pomwe kuisandutsa yamagetsi n'kovuta kuposa. Winnebago itaonetsa veni yake yoyeserera yamagetsi ya eRV2 mu 2023, yomangidwa pa Ford E-Transit, inkayenda mamailosi 108 batire ikadzaza, pafupifupi makilomita 174. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe simungafike osaima. Ndani angagule nyumba yoyenda yotere? N'chifukwa chake Thor inatembenukira ku chasisi ya kampani ya Harbinger, yamagetsi koma yonyamula kainjini ka petulo kodzazitsa batire panjira. Mwa njira zimene ndaziona, imeneyi ndiyo ili ndi mutu.

Za Trump, anzanuwo akunena theka la nkhani. CARB inali itafewetsa kale pang'ono mu Okutobala 2024, polola makampani kubweza ngongole ya mapointi pa zaka zitatu m'malo mwa chimodzi, ndipo zigawo monga Massachusetts ndi Oregon zinalengeza mu 2025 kuti ziyamba zaimikira kukakamiza lamulolo. Kenako Nyumba ya Malamulo ya ku Washington inavota kufafaniza zilolezo zitatu zimene EPA inapatsa California: cha galimoto zing'onozing'ono, cha Advanced Clean Trucks ndi cha Omnibus. Trump anasaina pa 12 Juni 2025. Tsiku lomwelo California ndi zigawo zina khumi zinakasuma kukhoti, ponena kuti njira imene aphungu anagwiritsa ntchito ndi yofafanizira malamulo osati zilolezo, mfundo imenenso ofesi yofufuza ntchito za boma ya GAO ndi mlangizi wa ndondomeko wa nyumba ya malamulo ya Senate anali atainena voti isanachitike. Panalinso mfundo ina yomangika: mu Julayi 2023 makampani a malole ndi injini anasainirana pangano ndi CARB lolonjeza kutsatira miyezo ya California ngakhale itatsutsidwa kukhoti. Zilolezo zitafafanizidwa, boma lalikulu linkawauza kuti asatsatire, California inkawakumbutsa siginecha yawo. Mu Ogasiti 2025 makampani a Daimler, Volvo, Paccar ndi International anasumira California kuti amasulidwe.

Kwa wopanga injini, kusinthasintha kotereku kumapweteka kuposa lamulo lokhwima. Kukonza injini yatsopano, kuiyesa ndi kuipezera chiphaso kumadya zaka zingapo ndi ndalama zankhaninkhani, pomwe maboma amasintha pa zaka zinayi. Kampani yanzeru sitaya ntchito imene yaiyamba kale chifukwa cha chisankho chimodzi, pakuti imadziwa kuti chisankho china chikubwera, ndiponso imagulitsa ku Canada ndi ku Ulaya kumene kuli miyezo yawoyawo. Musayembekezere kuti injini zakale zopanda zosefera zibwerera. Sefa yogwira mwaye inalowa m'mainjini a dizilo mu 2007, dizilo wa salufa wochepa kwambiri atayamba kugulitsidwa mu 2006, ndipo thanki ya DEF, madzi a yureya omwe ku Ulaya ndi kwathu amawatcha AdBlue, inabwera mu 2010. Eni ma motorhome amadandaula nazo, makamaka sensa ikafa injini n'kudzichepetsera liwiro pakati pa ulendo. Walira mvula walira matope. Ndipo kuzembera kumalipitsa: mu Disembala 2023 kunalengezedwa kuti Cummins, ya ku Columbus konkuno ku Indiana, ilipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa mlandu wa zipangizo zozembera miyezo m'mainjini a mapikapu a Ram 2500 ndi 3500, omwe ali m'gulu la mapikapu okoka makalavani aakulu a ku Elkhart.

Apa ndafika pa mfundo imene ikukhudza malipiro anu. Pa ma RV khumi alionse otuluka m'mafakitale a ku America, pafupifupi asanu ndi anayi ndi okokedwa, opanda injini. Ma motorhome ndi kagawo kochepa, ndipo a dizilo aakulu ndi kagawo ka kagawoko. Ngati makabati amene mukukhomawo akulowa m'kalavani yokokedwa, Advanced Clean Trucks sinakukhudzeni mwachindunji ngakhale tsiku limodzi. Ingakukhudzeni mozungulira, kudzera pa mapikapu okokera, chifukwa pikapu yamagetsi ikakoka kalavani mtunda wake umatsika pafupifupi ndi theka. Koma chimene chimatseka mafakitale ku Elkhart chimadziwika, ndipo si utsi. Mu 2009 ngongole zitauma, ulova m'derali unayandikira 20 pa 100, mpaka Barack Obama anabwera ku Elkhart mu Febuluwale chaka chimenecho, atangokhala pampando masabata atatu. Mu 2021, anthu akuthawa mahotela ndi ndege chifukwa cha Covid, mafakitale anatumiza ma RV opitirira 600,000, chiwerengero chimene sichinaonekepo. Pofika 2023 chinali chitagwa kufika pafupifupi 313,000. Theka la msika linasungunuka m'zaka ziwiri malamulo a California aja asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Chinagwetsa msika ndi chiwongoladzanja chokwera, mitengo ya zinthu, ndi ogulitsa amene anadzaza mabwalo awo ndi katundu wosatuluka. RV munthu amagula pangongole ndiponso amagula akakhuta. Zinthu zikathina ndiyo yoyamba kufufutidwa pa bajeti.

Lamulo la zachilengedwe limene linasinthadi ntchito ya manja anu ndi lina, ndipo anzanu ambiri salitchula. Mphepo ya mkuntho ya Katrina itawononga New Orleans mu 2005, bungwe la boma lothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi la FEMA linagula makalavani masauzande ambiri oti anthu azikhalamo, ochuluka mwa iwo opangidwa mwachangu ku Indiana. Kalavani inapangidwira tchuthi cha masiku ochepa, koma mabanja anakhalamo miyezi ndi zaka, m'dera lotentha ndi lachinyezi, mazenera ali chitsekere. Anthu anayamba kudandaula za mutu, maso oyabwa, kamfuno ndi chifuwa. Gwero linali formaldehyde, mpweya wotuluka m'guluu womatira pulaiwudi ndi matabwa autuchi, umene bungwe lofufuza za khansa la IARC linali litauika kale mu 2004 m'gulu la zoyambitsa khansa. Bungwe la zaumoyo la CDC linayeza makalavani ndi nyumba zoyenda 519 n'kupeza kuti pa avereji mpweyawo unali magawo 77 pa biliyoni, kangapo kuposa m'nyumba wamba, ndipo mu Febuluwale 2008 linalangiza kuti anthu asamutsidwe msanga.

California inali itavomereza kale mu 2007 muyezo wa matabwa omatidwawa, woyamba kugwira mu 2009. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inautenga kuti ukhale wa dziko lonse, EPA inamaliza ndondomeko yake mu 2016, ndipo kuyambira 2018 aliyense anayenera kutsatira. Potulutsa formaldehyde, pulaiwudi yolimba isapyole magawo 0.05 pa miliyoni, bolodi ya utuchi 0.09, MDF 0.11. Mawa mukafika kuntchito yang'anani pa mtolo wa mabolodi kapena pa pepala lake, mupeza chidindo cholembedwa TSCA Title VI. Panthawiyo kunalinso kulira kuti mitengo ikwera ndipo ntchito zitha. Mafakitale anasintha ogula nawo matabwa, ena anayamba kugwiritsa ntchito mabolodi osakhala a mtengo m'makoma, ntchito inapitirira. Woyamba kupindula ndinu amene mumadula ndi kupuma fumbi la mabolodiwo maola asanu ndi atatu kapena khumi. Chidindocho chisakuchititseni kuvula chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi la mtengo palokha limawononga mapapo.

Pali zina ziwiri zing'onozing'ono zimene muzimva zikutchulidwa. China ndi jenereta. Mu 2021 California inakhazikitsa lamulo la AB 1346 lothetsa pang'onopang'ono injini zing'onozing'ono za petulo ndi gasi, monga za makina otchetchera kapinga, kuyambira 2024, ndipo majenereta anapatsidwa mpaka 2028. Majenereta a petulo ndi gasi a m'ma RV ali m'gulu la injini zimenezi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mukuonera mabatire a lithiamu, ma inveta ndi masola akuchuluka pa denga la katundu amene mukupanga, ngakhale ogulanso paokha akuzifuna chifukwa jenereta imasokosera. Chinacho ndi gasi wa m'makina oziziritsa. Lamulo la AIM Act la 2020 likuchepetsa magasi a HFC amene amatenthetsa dziko, mogwirizana ndi pangano la ku Kigali la 2016, moti opanga ma eyakoni akusamukira ku magasi ena. Zimenezi zimasintha zida ndi mawaya, sizitseka chipata cha fakitale.

Ndiye muyambe kufuna ntchito ina? Chifukwa cha California, ayi. Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Funsani kapitawo wanu kuti mzere umene muli umapanga zokokedwa kapena za injini, ndipo ngati ndi za injini, ndi za dizilo zazikulu kapena maveni. Mzere wa dizilo waukulu ndi umene ungagwedezeke milandu ija ikatembenuka. Kenako muziyang'ana zizindikiro zenizeni: bungwe la opanga ma RV la RVIA limatulutsa mwezi ndi mwezi chiwerengero cha ma RV otumizidwa kwa ogulitsa, ndipo chikatsika miyezi ingapo motsatizana chiwongoladzanja chili m'mwamba, dziwani kuti masiku ogwira ntchito pa sabata ayamba kudulidwa. Inu nomwe mumaona bwalo la fakitale likadzaza katundu wosanyamulidwa, kapena Lachisanu likayamba kukhala lopuma. M'miyezi ya ovataimu patulani fizi ya matemu awiri osaikhudza, chifukwa ntchito ya ku Elkhart imabwera ngati dzinja ndi chilimwe. Ndipo mpata ukapezeka wophunzira mbali ya magetsi, kulumikiza mabatire, ma inveta ndi masola, musaukane. Amisiri a makabati ndi ambiri m'derali, koma odziwa mawaya a mtundu watsopanowu ndi ochepa, ndipo luso limenelo mudzaligwiritsanso ntchito tsiku limene mudzabwerere kumudzi n'kupeza aliyense akufuna sola padenga.